Amalinyero Oiŵalika a ku Mabwinja a Kilwa

Kumwera kwa dziko la Tanzania, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Dar es Salaam, kuli chilumba chotchedwa Kilwa Kisiwani. Mlendo wofuna kuona mabwinja a pachilumbachi amakwera ngalaŵa pa doko la Kilwa Masoko, ndipo zina mwa ngalaŵazo n'zoyendera thanga monga zamakedzana. Ulendowu ndi waufupi, komabe munthu amalaŵako pang'ono moyo wa amalinyero: kukhala pa thabwa lonyowa, kupsa ndi dzuŵa, ndi kudikira mphepo imene siimva kudandaula kwa munthu. Nkhani ya lero ndi ya mabwinjawo, pamodzi ndi anthu amene adazunzika panyanja kuti mzindawo umangidwe.

Pachilumbapo pali mzikiti waukulu umene udayamba kumangidwa zaka zoposa 800 zapitazo, ndipo udakuzidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Denga lake lili ngati miphika yovundikira yondandalikidwa pamwamba pa nsanamira, ndipo makoma ake ndi a miyala yosemedwa kuchokera m'nyanja, yomata ndi njereza. Chakum'maŵa, pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, kuli bwinja la nyumba yachifumu yotchedwa Husuni Kubwa, imene adamangitsa Sultani al-Hasan ibn Sulaiman. Inali ndi zipinda zoposa 100, mabwalo amalonda, ndiponso dziŵe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu. Mlendo wa ku Morocco, Ibn Battuta, adafika kumeneko pa ngalaŵa m'chaka cha 1331, natama mzindawo kuti unali umodzi mwa mizinda yokongola imene adaiona.

Kodi chuma chomangira zonsezi chinkachokera kuti? Golide wa kumapiri a Zimbabwe ankatsikira ku doko la Sofala, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo amalonda a ku Kilwa ndiwo ankagwira njira yake. Iwo ankagulitsa golide ndi minyanga ya njovu, n'kumalandira nsalu, mikanda ndi mbale zadothi za ku Persia ndi China. Zidutswa za mbalezo zidapezeka pamene Neville Chittick ankakumba pamalopo pakati pa 1958 ndi 1965. Ngakhale ndalama yamkuŵa ya ku Kilwa idapezeka ku mabwinja a Great Zimbabwe.

Koma mwini weniweni wa malondaŵa inali mphepo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi imaomba mphepo yochokera kumpoto chakum'maŵa, imene Aswahili amaitcha kaskazi, ndipo ndiyo inkabweretsa ngalaŵa za ku Arabia ndi India. Kuyambira Epulo imatembenuka, n'kukhala kusi, yobwerera nayo kwawo. Wochedwa kunyamuka ankataya chaka chathunthu ali kuchilendo. Kilwa adakula chifukwa ali chakumapeto kwa mtunda umene ngalaŵa inkatha kufika ndi kubwerera m'nyengo imodzi.

Ngalaŵa zambiri za nthaŵiyo sizinali zokhoma ndi misomali. Matabwa ake ankasokedwa ndi zingwe zopota kuchokera ku makoko a kokonati, ndipo zina matanga ake anali a mikeka. Madzi ankaloŵa m'misoko, kotero kuti kukapa inali ntchito ya usana ndi usiku.

Amalinyerowo sadasiye mabuku. Amene adalemba mwatsatanetsatane za moyo wotere ndi Alan Villiers wa ku Australia, amene mu 1938 adakwera ngalaŵa ya ku Kuwait pa doko la Aden, natsika nayo mpaka ku Zanzibar. Buku lake, Sons of Sindbad, lidatuluka mu 1940. Ngalaŵa imeneyo inali yokhoma ndi misomali, koma inalibe injini, ndipo njira ndi mphepo zinali zomwe zija za makolo.

Pansi pa ngalaŵayo padadzaza katundu. Choncho amalinyero analibe chipinda ngakhale kama. Aliyense ankagona pamene wapeza malo, pa zingwe kapena pa bokosi lake, mame ndi mvula zikumthera pathupi. M'madoko a kumwera kwa Arabia mudakwera apaulendo oposa 100, nadzazana mpaka kusoŵa popondapo, pamene amayi adatsekeredwa m'kachipinda kamdima chakumbuyo. Chakudya chinali mpunga, nsomba zouma ndi zipatso za kanjedza. Madzi akumwa ankasungidwa m'matanki amatabwa, ndipo ankamwedwa moŵerengera. Chimbudzi chinali kabokosi kolendeŵera kunja kwa ngalaŵa, pamwamba pa mafunde.

Masautso aakulu adaŵapeza pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji, kumpoto kwa Kilwa. Kumeneko adakhala masabata angapo akudula ndi kusenza milimo ya mitengo yomera m'matope, yokafolerera nyumba ku Arabia kumene mitengo ndi yosoŵa. Ankagwira ntchito m'thope lofika m'maondo, udzudzu uli ng'waa, ndipo ambiri adadwala malungo. Pamapeto pa ulendo wa miyezi yambiri, mmalinyero sankalandira malipiro oikika koma kagawo ka phindu, ndipo ena ankafika kwawo ngongole ikadalipo. Chimene chinkaŵalimbitsa mtima ndi ng'oma ndi nyimbo, pakuti thanga lolemera ankalikweza akuimba, monga achitira asodzi pokoka khoka.

Ulemerero wa Kilwa udagwa pamene Apwitikizi, motsogozedwa ndi Francisco de Almeida, adalanda ndi kufunkha mzindawo mu 1505. Malonda atadzukanso m'zaka za m'ma 1700, katundu wake adasanduka anthu. M'zaka za m'ma 1800 msika wa akapolo udakhazikika ku Kilwa Kivinje, kumtunda, ndipo apa ndi pamene mbiriyi ikukhudza Malaŵi. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota, nayamba kupala ngalaŵa zamatanga zonga za kugombe. Ngalaŵazo zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya la kum'maŵa kwa nyanja, ndipo kuchokera kumeneko anthuwo ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Omvera a m'mphepete mwa nyanja akudziŵa ukali wa mwera, ndipo angathe kuganiza za munthu womangidwa, wogonekedwa pansi pa ngalaŵa yothithikana, mafunde akugavira. Mmalinyero ankavutika ali ndi chiyembekezo chobwerera kwawo, koma kapolo analibe.

Mu 1981 bungwe la UNESCO lidaika Kilwa Kisiwani, pamodzi ndi chilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara, pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse. Maina a masultani akuŵerengekabe pa ndalama zamkuŵa ndi m'mabuku a mbiri. Maina a okapa madzi, okweza thanga ndi akapolo palibe adaŵalemba. Choncho woyendera mabwinjaŵa ayenera kuyang'ana mbali ziŵiri: ku makoma a miyala, ndiponso kunyanja kumene kudachokera chuma chomangira makomawo.