Mzinda umene unajambulidwa kuti wosauka azigona kutali

Ku America, boma likafuna kumanga nyumba zotsika mtengo za anthu osauka pakati pa anthu opeza bwino, nkhani imakathera kukhothi. Mumzinda wa Yonkers, pafupi ndi New York, woweruza milandu Leonard Sand anagamula mu 1985 kuti akuluakulu a mzindawo ankaunjika dala nyumba za amphawi mbali imodzi, kenaka analamula kuti nyumba 200 zimangidwe m'madera okhala azungu. Eni maderawo anawawidwa mtima, makhansala anakana, mpaka mu 1988 khothi linayamba kulipiritsa mzindawo chindapusa chowirikiza tsiku ndi tsiku.

Kwathu kuno ku Lilongwe simudzaona anthu a ku Area 10 atanyamula zikwangwani kukana nyumba za amphawi. Alibe chifukwa chodzivutitsira. Ntchitoyo mapu anawagwirira kalekale.

Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, dziko la Britain silinafune kuponyapo ndalama. Amene anatambasula dzanja ndi boma la tsankho la South Africa, lomwe linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo mapu oyamba a mzinda watsopano, a mu 1968, anajambulidwa ndi akatswiri ochokera komweko. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Pamapupo panalibe mawu akuti mzungu uku, wakuda uko. Chimene chinagawa anthu ndi kulemera kwa thumba. Area 10 ndi Area 43 anapatsidwa mapuloti akuluakulu, mitengo ndi misewu ya phula, kufupi ndi Capital Hill. Munthu wamba anamuloza ku Kawale, ku Chilinde, ku Area 23 kapena ku Area 25, ndipo pakati pa iye ndi bwana wake anasiyapo nkhalango, madambo ndi mtunda woti nsapato ithe chidendene.

Tisanamizire boma kuti silinaganizeko za wosauka. M'madera amene ankatchedwa Traditional Housing Areas, munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa bwino, pali chimbudzi chokumba, madzi akumatunga pampopi wa onse, lendi ya malo ili yochepa. Nyumba ankamanga yekha, kaya ya zidina kaya ya njerwa zootcha. Vuto linali lakuti mapuloti sanakwane. Mu 1966 Lilongwe anali ndi anthu osafika 20,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000. Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa mu 1984, mndandanda wa odikira mapuloti unangotalika, ndipo amene anali ndi ndalama anayamba kugula malo a amphawi aja n'kumangamo nyumba za lendi, mdadada wa zitseko kuseri kwa nyumba yaikulu.

Tsono wosauka anachita zimene mapu ankakana. Anakapempha malo kwa mafumu m'mphepete mwa mzinda, pafupi ndi kumene kuli ganyu. Mtandire anamera mokhudzana ndi Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona pambali pa mafakitale a ku Kanengo, Chinsapo kumadzulo. Yankho la oyandikana nawo silinalembedwe pachikwangwani, linamangidwa ndi njerwa: mpanda wautali, mabotolo oswa pamwamba, kenaka waya wamagetsi. Chodabwitsa n'chakuti mlonda wa pageti lomwelo, wolima maluwa ndi mayi wochapa zovala amatulukira kuseri kwa mpandawo m'mawa uliwonse. Masana ndi ofunika, dzuwa likalowa asanduka okayikiridwa.

Panali nthawi imene amphawi anadzimangira okha mwadongosolo. Gulu la Malawi Homeless People's Federation, lomwe ambiri mwa mamembala ake ndi amayi osunga ndalama pang'onopang'ono, mothandizana ndi bungwe la CCODE, linapempha malo kukhonsolo ndipo linapatsidwa mapuloti 222 ku Area 49. Ndalama zomangira ankabwereka kuthumba lawo lotchedwa Mchenga, zidina akuumba okha. Ku Blantyre anachitanso chimodzimodzi ku Angelo Goveya. Koma nyumba mazana angapo mumzinda wa anthu pafupifupi miliyoni n'zosati n'kuthetsa vuto.

Nanga midzi ya kunja kwa mzinda ikulowa pati? Dera lonse la kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira ku Mpingu, Nsaru, Kabudula mpaka kwa Kalolo, linali m'chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayamba kuthandiza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Apa m'pamene minda inapimidwa n'kulembedwa m'dzina la banja, dongosolo lija akuluakulu amalitcha ndunda. Cholinga chinali chimanga, mtedza ndi fodya. Lero malo omwewo akulowa m'maso mwa anthu a m'tauni. Yendani pamsewu wa ku Mchinji kudutsa Njewa ndi Chitedze: mudzaona miyala yopimira itazikidwa m'mizere ya chimanga, ndi mipanda yozinga thengo lokhalokha, nyumba isanayambe n'komwe. Wogulitsa amagula njinga yamoto, ndalama n'kutha, mwana wake n'kukachita lendi ku Chinsapo.

Thandizo la boma pa nyumba linafika kumidzi kuno kumapeto kwa 2014, pamene Peter Mutharika anakhazikitsa pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Dera la phungu aliyense, mwa madera 193 a nthawi imeneyo, linkayenera kukhala ndi mabanja 80 opindula, ambiri akulipira theka la mtengo pang'onopang'ono, ochepa ovutikitsitsa akulandira ulere. Kumudzi palibe anakana kuti mnansi wake akhale pafupi, pakuti ali pafupi kale, ndi mbale wake, adzaikidwa kumanda amodzi. Mkangano unali pa mndandanda. Mabanja 80 m'dera la anthu masauzande ambirimbiri ndiye kuti nyumba imodzi ikung'anima pakati pa madenga audzu, ndipo funso la pachitsime linali lakuti uyu walowamo bwanji, ndi wa kwa amfumu kapena wa chipani? Komanso wolandira ankafunika kukhala ndi njerwa zake ndi mphamvu yobweza ngongole, choncho mayi wamasiye wa denga lodontha nthawi zambiri ankangoonerera. Otsutsa ku Nyumba ya Malamulo ankati ndalamazo zikuthera pandale, ngongole sizinabwezedwe mokwanira, ndipo boma litasintha mu 2020 pulogalamuyo inazilala.

Mzinda wokha sunaime. Ukusefukirabe kumadzulo motsata phula, ndipo amene akugula malo ku Mpingu akubwera ndi chizolowezi chawo choyamba ndi mpanda, m'midzi imene m'bale ankadutsa pakhomo pa mnzake popita kudimba.