Tiyende Chipata Ngati Alendo

Alendo ambiri ofika ku Chipata sakhalitsa. Amawoloka malire pa Mwami, kusintha ndalama, kugula madzi, n'kupitirira ku Mfuwe kukaona njovu. Ife eni mudzi sitisiyana nawo kwenikweni: tikatsika basi timakwera njinga, maso ali pa foni. Komatu mzinda uno, munthu akauyenda pansi mosathamanga, umamuuza mbiri yake mumsewu uliwonse.

Ulendo wathu uyambire pa boma, pamene pali maofesi akale. Malo ano anabadwa chifukwa cha nkhondo. Angoni a Mpezeni anali ndi ng'ombe zambiri, ndipo azungu ankaganiza kuti m'dziko lawo muli golide. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany, ankati Mpezeni anamupatsa chilolezo cha dziko lonseli, ndipo chilolezocho chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anabwera kuchokera kum'mawa, dziko lomwe lero ndi Malawi, atanyamula mfuti zamphamvu. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera ankhondo a Chingoni, koma nthungo sizikanatha kulimbana ndi zipolopolo. Anamugwira n'kumuombera mu Febuluwale chaka chomwecho. Ng'ombe zinalandidwa, ndipo Mpezeni anatengedwa ukaidi ku Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji. Tikamadutsa pa Mwami kupita ku Malawi, tizikumbukira kuti ndi kumeneko anakasungidwa mfumu yathu.

Golide uja sanapezeke, koma azungu sanachoke. Anamanga tauni n'kuitcha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Achinyamata ambiri sadziwa kuti tauni yathu inali likulu la dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia, lolamulidwa ndi kampani ya British South Africa. Ulemuwu unatha mu 1911, pomwe dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia, likulu n'kukhala Livingstone. Nthawi imeneyo Lusaka anali kasiteshoni chabe ka sitima.

Kuchoka pa boma titsikire ku Down Shops. Masitolo a makonde aja ndi mizikiti imene timaiona patali ndi umboni wa amwenye ochokera ku Gujarat, amene anayamba kufika kuno m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Sanasankhe okha malo ogulitsirapo. Atsamunda anagawa tauni motsata khungu: azungu kwawo, amwenye kwawo, anthu akuda m'makomboni monga Kapata. Choncho tikamayenda kuchoka pa boma, kudutsa Down Shops mpaka kumsika wa Kapata, mapazi athu akudumpha malire amene agogo athu sankawadumpha mwaufulu. Ambiri mwa agogowo anabwera m'tauni kudzafuna ndalama ya msonkho, minda yawo yachonde itasanduka mafamu a fodya a azungu.

Amene ali ndi mpweya akwere phiri la Kanjala. Pamwamba pake tauni yonse imaoneka itakhala pakati pa mapiri, ndipo dzina lakuti Chipata, limene linalowa m'malo mwa Fort Jameson dziko litalandira ufulu, limamveka tanthauzo lake: khomo lolowera. Kuseri kwa mapiriwo kuli malo ena oyenera tsiku lawolawo. Ku Magwero amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito mu 1899, ndipo sukulu ya osaona ya kumeneko ndi yodziwika m'dziko lonse. Ku Mwami a Seventh-day Adventist anatsegula chipatala mu 1927, chimene chinatchuka pothandiza odwala khate. Ku Mtenguleni ndi kumene timasonkhana pa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, mwambo umene unazilala m'nthawi ya atsamunda n'kudzukanso mu 1980.

Mbiri sinathere pamenepo. Njanji yochokera ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, Chipata anakhala mzinda mu 2017, ndipo mu 2022 pa Mwami anatsegula malo atsopano a malire, pamene maofesi a Zambia ndi a Malawi amagwirira ntchito pamodzi. Zonsezi n'zabwino, koma chitukuko chili ndi njala ya malo. Nyumba yakale ikagwetsedwa kuti pamangidwe sitolo, palibe chikwangwani chotsala chonena zimene zinalipo. Okalamba amene amakumbukira dzina lakale la msewu uliwonse akutha mmodzimmodzi.

N'chifukwa chake tikuti Loweruka lina tisiye njinga, titenge ambuya kapena amalume amene anakulira kuno, tiyende nawo kuchoka pa boma mpaka ku Kapata. Tiwafunse kumene ankaloledwa kugula, kumene sankaloledwa kuponda, ndi amene anamanga nyumba iliyonse. Tijambule mawu awo pa foni. Mlendo wotsatira akadzafunsa chimene angaone ku Chipata, tidzakhale ndi yankho lina osati kumulozera basi ya ku Mfuwe.