Ndani Amayamba Kupita kwa Mnzake?

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo mawu ena amene timawatchula Lamulungu lililonse anachokera kutali asanafike kuno ku Lundazi. Pamene William Murray ndi anzake anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka m'chaka cha 1922, anakumana ndi liwu lakuti katallage, nasankha kuti m'chinenero chathu likhale chiyanjanitso.

Poyamba liwuli linali la pamsika. Agiriki ankalitchula posinthanitsa ndalama. Kenaka linasanduka liwu la mizinda iwiri yoleka nkhondo, udani wasinthidwa kukhala ubwenzi. Paulo mwini akuligwiritsa ntchito pa 1 Akorinto 7:11 za mkazi wobwerera kwa mwamuna wake, nkhani yomwe ankhoswe onse amaidziwa bwino.

Tsono nkhani yagona apa. Kwathu wolakwa ndiye amagwira nkhuku kapena mbuzi, napeza munthu wamkulu womuperekeza kukapepesa. Anthu akale nawo ankaganiza chomwecho za Mulungu. M'buku la 2 Amakabeo, lomwe abale athu Akatolika ali nalo m'Baibulo lawo, anthu akupempha kuti Mulungu ayanjane nawo, mkwiyo wake uphwe. Koma werengani 2 Akorinto 5:18-20, kalata yolembedwa cha m'ma 55. Paulo watembenuza zonse. Wolakwiridwayo, Mulungu, ndiye wanyamuka kudza pakhomo pa wolakwa, ndipo chopepesera watulutsa m'khola lake lomwe. Pa Aroma 5:10 akuonjeza kuti izi zinachitika tidakali adani. Ine ndiona kuti mfumu iliyonse yoweruza pabwalo ingadabwe ndi mlandu wotere.

Liwu lachiwiri ndi sozo, kupulumutsa, komwe kumachokera soteria, chipulumutso. Ifeyo timafulumira kuliponya kumwamba, ngati la tsiku la maliro lokha. Agiriki ankalitchula munthu akachira, kapena akavuulidwa m'madzi. Ndi liwu lomweli ophunzira anafuula m'ngalawa pa Mateyu 8:25, ndi lomwelinso Yesu anauza nalo mayi wodwala matenda otaya magazi pa Marko 5:34. Mafumu ena, monga Ptolemy woyamba wa ku Igupto, ankatchedwa Soter, mpulumutsi, chifukwa chotchinjiriza mizinda pankhondo. Akhristu oyamba anatenga dzinalo nalipereka kwa munthu wopachikidwa.

Kuno mawu awiriwa si a m'kalasi chabe. M'mwezi wa Ogasiti 1964, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, magazi anakhetsedwa pa boma la Lundazi ndi m'midzi yozungulira pa mkangano wa mpingo wa Lumpa. Ophedwa analipo mbali zonse. Agogo amene anapulumuka pothawira kutchire masiku amenewo akadalipo ena m'mipingo yathu, ndipo zidzukulu zawo zimatunga madzi pa mjigo umodzi ndi zidzukulu za amene ankawathawawo.