Ulusi, singano ndi mageti a ku Waterkloof

Waterkloof ndi dera la anthu opeza bwino kum'mwera chakum'mawa kwa Pretoria. Dzinali ndi la Chiafrikaans, ndipo limatanthauza chigwa cha madzi. Mapoloti ake anayamba kudulidwa cha mu 1903, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itangotha kumene, ndipo mayina a misewu yake amaulula amene anapambana: Victoria, Albert, Edward, Milner. Lero kumakhala akazembe a mayiko, madokotala ndi eni makampani, kuseri kwa mipanda italiitali ya mawaya amagetsi. M'nyumba zotere simusowa zinthu zopangidwa pamanja: nsalu zopeta pakhoma, madengu, mikanda, ziboliboli, mipando yoluka pakhonde. Zambiri mwa izo zinachokera kutali, m'manja mwa anthu amene ankafuna kandalama kowonjezera pa zochepa zomwe anali nazo. Pakati pa khonde la wopanga ndi geti la wogula pali mtunda, ndipo kwa zaka zoposa 100 malamulo a dzikolo ndiwo ankasankha woyenda mtundawo.

Tiyambe ndi dzina la Milner lija. Alfred Milner ndiye ankaimira Britain ku South Africa pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Asilikali a Britain anatentha nyumba za m'mafamu pafupifupi 30,000, napha ziweto, natsekera amayi ndi ana m'misasa. M'misasamo munafera Mabunu oposa 26,000, ambiri mwa iwo ana. Anthu akuda anatsekeredwa m'misasa yawoyawo, ndipo amene anafera m'menemo ndi osachepera 14,000, ngakhale kuti panapita zaka zambiri asakutchulidwa. Emily Hobhouse, mayi wa ku Cornwall, anayendera misasa ya Mabunu mu 1901 ndi kukaulula kwawo ku England zimene anaona. Akuluakulu anamuda nazo, moti atabweranso kumapeto kwa chaka chomwecho anam'bwezera padoko la Cape Town. Mtendere unasainidwa ku Melrose House ku Pretoria pa 31 May 1902, ndipo mu 1903 Hobhouse anazungulira m'maboma akumidzi. Anapeza mabanja akugona m'mabwinja a nyumba zawo, opanda ng'ombe zolimira, atsikana ali manja lende.

Poyamba iye ankafuna kuwaphunzitsa kuluka lesi. Koma lesi ndi chinthu cha wokhuta, pamene ubweya wa nkhosa unkapezeka m'dziko momwemo ndipo bulangete linkafunika m'nyumba iliyonse. Choncho pa 13 March 1905 anatsegula sukulu yopota ulusi ndi kuwomba nsalu ku Philippolis, mothandizana ndi Margaret Clark, mwana wa banja lija lopanga nsapato za Clarks. Chaka chomwecho ina inatsegulidwa ku Langlaagte, ku Johannesburg. Anthu akufuna kwabwino ku Switzerland anatumiza makina amatabwa opotera ulusi, utoto ankaufuna m'masamba ndi m'makungwa a m'tchire, ndipo mtsikana akaphunzira ankabwerera kwawo kukagwirira ntchitoyo pakhomo ndi kuphunzitsa anzake. Pofika 1908 sukulu zinali zitakwana 26, ndipo maboma a Transvaal ndi Orange River Colony anazitenga kuti aziziyendetsa ndi ndalama za msonkho. Lesi uja anadzapeza malo ake mu 1909, pamene Johanna Rood anatsegula sukulu ku Koppies.

Taonani kufulumira kwake: zaka zitatu zokha kuchoka pa zopereka za anthu kufika pa bajeti ya boma. Chifukwa chake n'choonekeratu. Mu 1907 chipani cha Het Volk cha Louis Botha chinapambana chisankho ku Transvaal, ndipo abambo ndi alongo a atsikana aja anali ndi voti. Amayi akuda amene anatuluka m'misasa ya nkhondo yomweyo, atataya zomwezo, sanaone makina opotera ulusi ngakhale amodzi ochokera ku boma.

Ngakhale zinali choncho, nsalu yowomba pamanja siinathe kulimbana ndi ya ku fakitale, ndipo sukuluzo zinazilala pang'onopang'ono. Ife a ku Malawi nkhani imeneyi timaidziwa kale. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu ya machila m'midzi mwawo, ndipo opota ambiri anali amuna. Merikani wa amalonda atachuluka, luso lonselo linafota, monganso kaunjika wafooketsera matelala athu masiku ano. Chimene chinatsala pakati pa amayi a Chibunu ndi chizolowezi chogulitsa zopanga pakhomo mogwirizana. Mpaka lero m'matauni a South Africa, ngakhale m'misika yamakono ya kum'mawa kwa Pretoria, muli masitolo otchedwa tuisnywerheid. Membala aliyense amaphika makeke kapena kuluka majuzi a ana kunyumba kwake, n'kuika nambala yake pa katundu. Sitolo imadulapo gawo lake lolipirira lendi, ndipo mamembala amasinthana kukhala pakauntala. Nzeru yake ndi yosavuta: mayi mmodzi sangakwanitse lendi ya sitolo m'dera la ogula, koma amayi makumi angapo angathe.

Mayi wakuda khomo limenelo linali lotseka. Lamulo la Natives (Urban Areas) Act la 1923 linkamuona ngati mlendo m'tauni, wololedwa kukhalamo pokhapokha ngati akutumikira mzungu. Group Areas Act ya 1950 inadzakhomerera msomali. Ku Waterkloof ankalowa ngati wantchito, n'kumagona m'kachipinda ka kuseri, kamene kwathu timati kuboyizi. Geni ya pakhomo imene amayi ambiri a m'malokeshoni anaidalira inali yofulula mowa, ndipo nayonso inali mlandu: apolisi ankakumba migolo yokwiriridwa, pamene makhonsolo ankagulitsa mowa womwewo m'maholo awo. Pa 9 August 1956 amayi pafupifupi 20,000 anakwera chitunda cha Union Buildings kukakana ziphaso, koma ziphasozo zinawafikirabe.

Amene anali ndi malo awoawo analandidwa. Lady Selborne, kumene anthu akuda ankagula mapoloti kuyambira 1905, inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo pamalopo panamangidwa dera la azungu la Suiderberg. Ena mwa osamutsidwa m'madera otere, pamodzi ndi othamangitsidwa m'mafamu, anakathera ku Winterveld, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda. Kumeneko eni mapoloti anasiya kulima n'kuyamba kuchititsa lendi malo omangapo zisakasa. Mu 1977 Winterveld inaponyedwa m'dziko lachiphamaso la Bophuthatswana, ndipo boma la Lucas Mangope linkazunza aliyense wosakhala Mtswana, pamene ambiri kumeneko anali Atsonga, Andebele, Apedi ndi Azulu. Pa 26 March 1986 apolisi ake anawombera khamu la anthu pabwalo la mpira, napha 11. Wokhala ndi ntchito ankalawirira kusanache kukwera basi ya ku Pretoria ndi kubwerako kutada.

Kumeneku ndi kumene kunabadwira Mapula mu 1991. Amayi a bungwe la Soroptimist International nthambi ya Pretoria, mogwirizana ndi masisitere a Sisters of Mercy amene anali kale ndi sukulu ku Winterveld, komanso aphunzitsi ena a zaluso a ku Unisa, anayamba kuphunzitsa amayi kupeta nsalu. (Liwu limeneli lisatisokoneze: uku si kupeta kwa lichero, koma kwa singano.) Dzina lakuti Mapula limatanthauza mayi wa mvula. Ntchitoyi inagwirizana ndi moyo wa kumeneko chifukwa siifuna magetsi kapena makina. Nsalu yakuda, ulusi wamitundumitundu ndi singano basi, ndipo mayi angaigwire mwana ali kumbuyo, n'kuisiya poto akawira. Poyamba ankapeta mbalame, nyama ndi maluwa. Posakhalitsa pa nsaluzo panayamba kuoneka Nelson Mandela, mizere ya ovota ya 1994, maliro a Edzi, osewera mpira ndi zithunzi zotengedwa m'manyuzipepala, ndi mawu opetedwa pambali ofotokoza nkhaniyo. Brenda Schmahmann analemba buku lonse la ntchitoyi mu 2006.

Amene amasimba za Mapula amakonda kutamanda luso la amayiwo, ndipo lusolo lilipodi. Koma ine ndimaona kuti chimene chinasintha zinthu ndi galimoto imene inkanyamula nsalu kuchoka ku Winterveld kupita kwa anthu a ndalama. Mnansi wa ku Winterveld sangagule nsalu yopachika pakhoma imene yatenga milungu ingapo. Ndalama yake ndi ya ufa ndi parafini. Ogula anali m'madera a kum'mawa kwa mzinda, m'nyumba za akazembe, m'mayunivesite ndi m'malo osungirako zaluso. Amayi a Soroptimist ankawadziwa anthu amenewa, ankadziwa mtengo umene angalipire, ndipo ankagula ulusi wambiri nthawi imodzi. Pamenepo ndi pamene panali mphamvu, komanso chiopsezo, pakuti geni yodalira anthu ongodzipereka imadwala iwo akatopa. Chaka chomwecho cha 1991 chinabweretsanso lamulo la Businesses Act, limene linamasula malonda a m'mbali mwa misewu. Kuyambira pamenepo oluka mawaya ndi mikanda, osema ndi amayi a ku Zimbabwe ogulitsa nsalu zoluka zoyala pamipando anayamba kuonekera poyera m'madera amene kale akanagwidwamo.

Amalawi analowa m'mbiri imeneyi kudzera khomo lakumbuyo. Ku Joni tinayamba kupitako kalekale, ena kudzera ku Wenela, ena paokha wapansi, ndipo ambiri mwa oyenda paokhawa anakhala makhukhi, osamalira maluwa ndi operekera zakudya m'mahotela. Ena anatchona. Kamuzu Banda anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho mu 1967, ndipo mu August 1971 anatera pabwalo la ndege zankhondo la Waterkloof, chakum'mwera kwa dera lija, n'kulandiridwa ndi ulemu wonse wa mtsogoleri wa dziko. Nthawi imeneyo m'migodi munali Amalawi oposa 100,000. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Kamuzu anaimitsa Wenela. TEBA inayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, ndipo inathera mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a Edzi. Otheba ankabwera ndi wayilesi, njinga ndi makina osokera a Singer, ndipo makina amenewo anayambitsa matelala ambiri a m'makonde a sitolo zathu.

Migodi itatseka zitseko, ulendo sunathe, unangosintha mtundu. Kuyambira m'ma 1990 achinyamata a ku Mzimba, Nkhata Bay, Mangochi ndi Machinga akhala akupita paokha, amayi nawonso, kukagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'dimba. Malipiro a ntchito zimenezi akhala otsika ngakhale pa pepala. Lamulo la malipiro ochepetsetsa litayamba pa 1 January 2019, wantchito wamba anapatsidwa R20 pa ola koma wa m'nyumba R15, ndipo kusiyanako kunathetsedwa mu March 2022. Wopanda zikalata kawirikawiri amaopa kukadandaula. Pa ndalama imeneyo akudyapo, akutumizapo kumudzi kudzera pa Mukuru, mwina akubwezanso ngongole ya amene anamuwolotsa. N'chifukwa chake madzulo ndi Lamlungu ena amasoka madiresi a chitenje, ena amaluka tsitsi, ena amakonza mipando.

Apa pali chinthu chodabwitsa. Mayi wa ku Winterveld anali kutali ndi wogula, ndipo anafunika womunyamulira katundu. Mmalawi wa kuboyizi ku Waterkloof ali m'bwalo la wogulayo, koma mtunda wake ndi wautali kuposa. Mwini nyumba angathe kuyendetsa bizinesi yaing'ono pakhomo pake motsata malamulo a mzinda wa Tshwane. Wantchito sangaitanire makasitomala pageti la abwana. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 okacheza, osati okachita malonda, ndipo masikuwo akapitirira munthu amayenda akuyang'ana kumbuyo kuopa Lindela. Tebulo la pamsika wa Loweruka limafuna kulembetsa ndi kulipira. Ndipo aliyense amakumbukira May 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera, komanso April 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Munthu wotere mpamba wake sauika m'katundu wochuluka amene sangathawe naye. Amagwira maoda a anzake a kutchalitchi kapena kumzikiti, amatsatsa pa WhatsApp, ndipo ogula ake ndi osauka anzake.

Komabe chinthu chimodzi cha kwathu chinalowa pageti lakumaso. Ndi mpando uja wamsana wozungulira, wa mafelemu amtengo ndi nsungwi zoluka, umene timauona m'mbali mwa misewu yathu. Ku South Africa umadziwika kuti Malawi chair, ndipo uli m'makonde, m'malo odyera ndi m'magazini a zokongoletsa nyumba, wopakidwa utoto woyera kapena wakuda. Kuti ufike ku Pretoria umadutsa m'manja ambiri. Woluka amagulitsa kwa wopikula, kawirikawiri pa mtengo wa tsiku limene kunyumba kulibe ufa. Wopikula amaisanjikiza mipandoyo pangolo ya basi kapena palole, n'kudutsa nayo pa Mwanza, pa mlatho wa Zambezi ku Tete, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, ndipo pachipata chilichonse pamatsala kenakake. Ku Gauteng wina amaigula yambiri, amaipaka utoto, amaijambula bwino n'kuiika pa intaneti. Amayi a Mapula anazolowera kupeta mayina awo pa nsalu zawo, moti wogula wa ku Waterkloof angathe kufunsa ntchito ya mayi wakutiwakuti. Pa mpando paja pamalembedwa mtengo ndi dzina la dziko.