Eriyo padenga la galimoto: vuto limene lakana kutha kuyambira 1901

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero tisiye kaye za mayeso, tikambeko mbiri ya eriyo. Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kuli anthu amene amayenda maulendo ataliatali pa galimoto zogonamo, zija zokhala ndi bedi ndi kakhitchini mkati. Ena mwa iwo ndi okonda wailesi, amene pa Chingerezi amatchedwa ma ham. Awa ndi anthu amene boma linawapatsa chiphaso choti azilankhulana pa wailesi mongosangalala, osati pochita malonda. Munthu wotere akangogula galimoto yogonamo, funso loyamba limakhala lakuti, eriyo ndiyika pati? Funso limeneli ndi lakale kuposa agogo athu.

Linayamba ndi Guglielmo Marconi mwini wake. Mu 1901, ku England, iye anaika zipangizo za wailesi m'chigalimoto choyendera nthunzi cha kampani ya Thornycroft. Eriyo yake inali chimgolo chachitali chachitsulo chimene ankachiimika padenga, ndipo ankathanso kuchigoneka. Chaka chomwecho, pa 12 December, ali ku St John's ku Newfoundland, Marconi analengeza kuti wamva chilembo cha S chochokera ku Poldhu ku England, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Waya wa eriyo yake tsiku limenelo anaukweza m'mwamba ndi kaiti. Mafunde a wailesi a nthawi imeneyo anali aatali mamita mazanamazana, choncho eriyo nayo inkayenera kukhala yaikulu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Eriyo yoimirira imagwira bwino ntchito ikatalika gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa funde. Masamu ake ndi omwe aja a Physics ya Fomu 3 ndi 4: tengani 300, mugawe ndi ma MHz, mupeza kutalika kwa funde m'mamita. Pa 145 MHz funde ndi mamita 2, eriyo nkukhala masentimita 50 basi. Pa 14 MHz eriyo imafuna mamita 5, pa 7 MHz mamita 10, pa 3.5 MHz mamita oposa 20. Nanga ndi galimoto iti ingayende pamsewu itasenza mtengo wa mamita 20?

Chimene chinathandiza okonda wailesi ndi lamulo limene cholinga chake chinali kuwapondereza. Mu 1912 boma la America linawaletsa mafunde otalika kuposa mamita 200, nkusiya aataliwo kwa asilikali, zombo ndi makampani. Ambiri ankaganiza kuti mafunde aafupi alibe ntchito. Koma mu November 1923, Léon Deloy wa ku Nice ku France analankhulana ndi Fred Schnell wa ku Connecticut ku America pa mafunde a mamita pafupifupi 100. Amene anapatsidwa makoko anapeza kuti chakudya chenicheni chili momwemo. Mafunde aafupi ankafika kutali ndi mphamvu yochepa, ndipo funde likafupika, eriyo nayo imafupika.

Apolisi ndiwo anasonyeza kuti wailesi ya pagalimoto si chidole. Ku Detroit anayamba kutumiza mauthenga ku galimoto zawo mu 1928, ndipo mu 1933 apolisi a ku Bayonne ku New Jersey anali ndi wailesi yolankhula ndi kuyankha ali m'galimoto. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, mawailesi otsala a asilikali anagulitsidwa motchipa, ndipo okonda wailesi ambiri anawaika m'galimoto zawo. Anali a mavalavu, olemera, otentha, odya batire ngati dzombe. Tiranzisita itapezeka mu 1947, zinthu zinayamba kuchepa pang'onopang'ono, mpaka mu 1995 kampani ya Icom ya ku Japan inatulutsa IC-706, wailesi ya mawati 100 yokwana pansi pa mpando. Wailesi inachepa, koma eriyo inakana, chifukwa kutalika kwa funde sikusintha ndi chitukuko.

Akatswiri anangopeza njira yonyengerera. Amazengereza waya ngati sipuling'i, kupanga koyilo, nkuika pansi kapena pakati pa eriyo yaifupi kuti wailesi iziiona ngati yaitali. Koma mtengo wake ulipo: pa mafunde aatali ngati a 3.5 MHz, mphamvu yambiri imangosanduka kutentha, yopita m'mlengalenga ndi yochepa. Cha m'ma 1990, Don Johnson wa ku California anatchukitsa eriyo imene koyilo yake imasunthidwa ndi injini yaing'ono ya sikuludiraiva ya batire, kuti dalaivala azisintha mafunde ali pampando. Inu amene munaonapo ma Land Cruiser a mabungwe othandiza anthu, okhala ndi eriyo yonenepa kunsi pa bampala, munaona nzeru yofanana ndi imeneyi, ngakhale eni ake si ma ham.

Palinso chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa. Eriyo yoimirira ija ndi theka chabe. Theka linalo ndi thupi lachitsulo la galimoto. Volkswagen itayamba kupanga kombi mu 1950, ndipo kampani ya Westfalia nkuyamba kuzisandutsa zogonamo mu 1951, vuto limeneli panalibe, poti thupi lake linali lachitsulo. Galimoto zogonamo zambiri za masiku ano zili ndi denga la faibagilasi kapena aluminiyamu. Maginito sagwira pa ziwirizi, ndipo faibagilasi sadutsa magetsi nkomwe. Kuwonjezera apo, zambiri zimatalika mamita pafupifupi 3, ndiye eriyo ya padenga imalimbana ndi nthambi za mitengo, milatho ndi mawaya a magetsi, amene akhoza kupha munthu.

Tsono amatani? Eriyo yaing'ono ya masentimita 50 amaika padenga, koma pansi pake amayalapo lata kapena mawaya angapo olowa m'malo mwa thupi lachitsulo. Yaikulu amaimanga kumbuyo ndi mabawuti pa chasisi, atapala penti ndi dzimbiri kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo. Akafika pogona, ambiri amaimika mtengo wa faibagilasi wa mamita 10 nkukweza waya, ndipo m'mawa amaupinda nkupitiriza ulendo. Mwaona? Patatha zaka zoposa 120, abwerera pa nzeru ya Marconi ija yoimika ndi kugoneka.

Kuno kwathu, chiphaso cha wailesi zotere chimaperekedwa ndi MACRA, ndipo dzina la pawailesi la munthu wa ku Malawi limayamba ndi 7Q, la ku Zambia 9J. Aphunzitsi anzanga a sayansi, mukamaphunzitsa mafunde, musathere pa bolodi. Tengani waya wa masentimita 50, muuonetse ana, kenaka muwatulutse panja akayeze mamita 20 pabwalo la mpira. Afunseni kuti angaike bwanji zimenezi pagalimoto. Mwana amene wayenda mamita amenewo ndi mapazi ake sangaiwale kuti kutalika kwa funde ndi chiyani.