Makoleji a anthu akuda ku America: ndalama za sayansi zinkathera kuti?

Ku America anthu ena amati makoleji a anthu akuda, a eni nthaka monga a Navajo, ndi a anthu olankhula Chisipanishi sapeza ndalama zophunzitsira sayansi chifukwa sadziwa kulemba mapempho. Mawu amenewa ine ndimawakayikira.

Mwa makoleji a anthu akuda, Cheyney inayamba mu 1837, Wilberforce mu 1856, ukapolo usanathe. Lamulo la Morrill la 1862 linathandiza zigawo kumanga makoleji a ulimi ndi umisiri, koma kumwera munthu wakuda sankaponda m'makalasi amenewo. Lamulo lachiwiri, la 1890, ndi limene linabweretsa makoleji a ulimi ndi umisiri apadera a anthu akuda. Wasayansi George Washington Carver atafika ku koleji ya Tuskegee mu 1896 sanapeze labotale. Iye ndi ophunzira ake ankatola mabotolo ndi zitini kudzala n'kuzisandutsa zipangizo zoyesera dothi. Ngakhale zinali choncho, makoleji otere anaphunzitsa anthu ochuluka, kuphatikizapo athu: Daniel Malekebu anamaliza za udokotala ku Meharry mu 1917, Kamuzu Banda mu 1937.

Bungwe la National Science Foundation linakhazikitsidwa mu 1950, koma ena mwa mapulogalamu ake olunjika ku makolejiwa anabwera mochedwa: HBCU-UP, ya makoleji a anthu akuda, mu 1998, ndipo TCUP, ya makoleji a eni nthaka, mu 2001. Apa makoleji akuluakulu anali atazolowera kale mpikisano.

Mpikisanowo umayenda motere. Mphunzitsi amalemba pempho, kufotokoza zomwe achite, ndalama zomwe zidzafunike ndi zomwe anayesapo kale, kenako akatswiri anzake amaliunika. Ku yunivesite yolemera kuli ofesi yathunthu yowerengetsa bajeti ndi kukumbutsa za tsiku lomaliza. Ku koleji yaing'ono mphunzitsi wa kemisitiri amaphunzitsa makalasi angapo, kuchonga mayeso, kulangiza ana amene makolo awo sanapiteko ku koleji, ndiye pempholo amalilemba usiku. Ounika akafunsa zotsatira za kafukufuku wam'mbuyo, azitenga kuti pamene makina oyesera palibe? Madzi amathamangira kudambo komwe kuli kale madzi.

Umboni waukulu unatuluka mu 2023. Akuluakulu awiri a boma analembera makalata atsogoleri a zigawo 16, atawerengetsa ndalama zomwe zinkapita kwa wophunzira aliyense kuyambira 1987 mpaka 2020. Anapeza kuti makoleji a anthu akuda a lamulo la 1890 anamanidwa madola oposa 12 biliyoni poyerekeza ndi anzawo a lamulo la 1862 m'zigawo zomwezo. Koleji imodzi yokha inaperewera madola 2.1 biliyoni. Palinso ndalama zina za kafukufuku wa ulimi zomwe chigawo chimayenera kuwonjezerapo dola pa dola iliyonse yochokera ku boma lalikulu, koma zaka zambiri zigawo zina sizinkakwaniritsa zimenezi. Ndalama zimenezi n'zomwe zikanamanga malabotale ndi kulemba ntchito anthu othandiza pa mapempho.

Masiku ano kumachitika maphunziro othandiza aphunzitsi a makolejiwa kulemba mapempho, ndipo ena amaitanidwa kukakhala m'magulu ounika kuti aone momwe zigamulo zimapangidwira. Zimenezi n'zothandiza ndithu, ndipo ziyenera kupitirira. Koma maphunziro a masiku ochepa sangabweze zomwe zinasowa kwa zaka 33. Mu 2025, mwa makoleji a anthu akuda pafupifupi 100, Howard yokha ndi imene inafika pa gulu lapamwamba kwambiri la kafukufuku lotchedwa R1.