Katundu Akamira Panyanja, Alipira Ndani?

Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa nyanja, kaya ku Nkhotakota, ku Senga Bay, ku Makanjira kapena ku Malindi, amaudziwa mwera. Mphepoyi ikauka m'miyezi ya June ndi July, boti lodzaza matumba a usipa limatha kufika poti woyendetsa asankhe chimodzi: kutaya katundu wina m'madzi kapena kumiza anthu onse. Anthu akapulumuka, kumtunda kumatsala mlandu. Matumba otayidwawo anali a munthu mmodzi, koma amene apulumukira pamenepo ndi onse. Kodi mwini matumba alire yekha? Funsoli ndi lakale kuposa makampani onse a inshulansi, ndipo mayankho ake ndiwo anabala malamulo amene lero ali kuseri kwa kapepala komata pagalasi la minibasi. Malamulowo akhala pa mafuwa atatu: pangano, kulakwira mnzako, ndi udindo wa munthu woimira wina.

Yankho lakale lodziwika bwino linachokera kwa amalinyero a pachilumba cha Rhodes, m'nyanja ya Mediterranean. Lamulo lawo linasungidwa m'buku la malamulo a Aroma lotchedwa Digest, limene linatsirizidwa mu 533 pa ulamuliro wa mfumu Justinian. Mfundo yake inali yoti chimene chatayidwa pofuna kupulumutsa onse chibwezedwe ndi onse, aliyense molingana ndi mtengo wa katundu wake amene wapulumuka. Maulama a madhhab a Imam Malik, amene ankakhala m'mizinda ya madoko ku Andalusia ndi kumpoto kwa Africa, anaweruzanso milandu yotere ndipo anafika pa mfundo yofanana, yogawana chitayiko pakati pa eni katundu. Pa nthawiyo panalibe kampani, panalibenso ndalama yolipiriratu. Anthu ankasonkha tsoka litagwa kale.

Pa mlandu wa magazi, Aarabu anali ndi mwambo wotchedwa aqila, umene Chisilamu chinaupeza ndi kuukhazika m'malire ake. Munthu akapha mnzake mosafuna, dipo lotchedwa diya, lomwe linali ngamila 100, silinkagwera iye yekha koma abale ake aamuna a kuchimuna. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya amayi awiri a fuko la Hudhail amene anayambana, ndipo mmodzi anagenda mnzake woyembekezera ndi mwala, namwalira pamodzi ndi mwana wa m'mimba. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analamula kuti dipo la mayi wophedwayo lilipidwe ndi aqila ya wogendayo. Pangano la ku Madina, limene linalembedwa Hijra ya mu 622 itangochitika, linasiyanso udindo wosonkherana dipo ndi kuwombola akaidi m'manja mwa fuko lililonse. Maulama anamanga mfundo ziwiri pa mwambowu: dipo limalipidwa pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, ndipo aqila silipira mlandu wa munthu amene wapha mwadala. Mfundo yachiwiriyi ilinso m'malamulo a inshulansi a lero, pakuti munthu wotentha yekha golosale yake salandira kanthu.

Umar bin Khattab, amene anali khalifa kuyambira 634 mpaka 644, atakhazikitsa kaundula wa asilikali wotchedwa diwan, anasenzetsa dipo anthu olembedwa m'kaundula mmodzi, ngakhale asakhale pachibale. A madhhab a Imam Abu Hanifa anatengera pamenepo kuti aqila ndi gulu lililonse limene munthu amadalira pa chitetezo, pomwe a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, anaisiya pa abale a kuchimuna. Makolo athu Achiyao ndi Achewa ankaudziwa mtolo womwewu, kungoti iwo ankausenzera kuchikazi: mphwake akapalamula, mwini mbumba ndiye ankakhala pabwalo ndi kusonkhetsa mbuzi kapena nkhuku. Mutu umodzi susenza denga.

Inshulansi yolipiriratu ndalama kwa munthu wapadera inayamba pakati pa amalonda a ku Italy. Limodzi mwa mapangano akale kwambiri amene alipobe linalembedwa ku Genoa mu 1347, ndipo linali la chombo chotchedwa Santa Clara chimene chinkapita ku Majorca. Analilemba mooneka ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja, m'nyengo imene mpingo wa Chikhristu unkaletsa katapira mwamphamvu. Malondawa anadzakhwimira ku London, kumene kuyambira cha m'ma 1688 eni zombo ndi amalonda ankasonkhana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd. Wofuna kutenga gawo la ngozi ya chombo ankalemba dzina lake m'munsi mwa chikalata, pamodzi ndi ndalama imene walonjeza.

Posakhalitsa malondawa anasanduka juga. Anthu ankagula inshulansi pa zombo zimene analibemo ngakhale thumba limodzi, ena pa moyo wa anthu otchuka amene amveka kuti akudwala, n'kumadikirira uthenga wa maliro kuti alemere. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inaletsa zimenezi pa zombo mu 1745 ndi pa moyo wa anthu mu 1774. Kuyambira pamenepo lamulo limafuna kuti wogula inshulansi akhale munthu amene angatayedi kanthu chinthucho chikawonongeka, ndiponso kuti pa katundu abwezeredwe zimene wataya zokha, osapindulapo. Msilamu wowerenga mbiriyi sadabwa, chifukwa chimene Angerezi ankalimbana nacho ndi maisir, juga imene Qur'an inaletsa kale.

Mfundo ina yaikulu ya pangano inatuluka mu 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm. Roger Carter anali bwanamkubwa wa linga lotchedwa Fort Marlborough pachilumba cha Sumatra, ndipo m'bale wake ku London anamugulira inshulansi yoti alipidwe ngati lingalo lilandidwa ndi adani a ku Ulaya. Afalansa analilandadi mu 1760. Boehm anakana kulipira ponena kuti sanauzidwe za kufooka kwa lingalo. Woweruza wamkulu, Lord Mansfield, ananena kuti pa inshulansi mbali zonse ziwiri ziyenera kuulula zimene zikudziwa, popeza mmodzi amadziwa zimene mnzake sangathe kuziona. Komabe anagamula mokomera Carter, poti Boehm, pokhala ku London, ankadziwa za nkhondoyo kuposa munthu wa ku Sumatra, ndipo analandira ndalama osafunsa kanthu. Fiqh ya malonda imafunanso chimodzimodzi: wogulitsa amene abisa chilema cha katundu wake wachimwa, ndipo wogula ali ndi ufulu wobweza katunduyo.

Bwalo lomweli linaonetsanso kumene pangano limathera likasiyana ndi umunthu. Kumapeto kwa 1781 amalinyero a chombo chotchedwa Zong anaponya m'nyanja Aafrika oposa 130 amene ankapita nawo ku Jamaica kukagulitsidwa. Eni chombo, a ku Liverpool, anapempha a inshulansi kuti awalipire ponena kuti madzi akumwa anachepa, potsamira pa lamulo lija la katundu wotayidwa kuti ena apulumuke. Mlanduwo unazengedwa mu 1783 ngati mkangano wa ndalama, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu wakupha. Ife a m'mphepete mwa nyanja imene madau ake anaolotsanso akapolo sitingaiwerenge nkhaniyi ngati ya anthu ena.

Funso la inshulansi linalowa m'mabuku a fiqh kudzera mwa nthumwi. Ibn Abidin, mufti wa madhhab a Hanafi ku Damascus, amene anabadwa mu 1784 ndi kumwalira mu 1836, analemba za nkhaniyi m'buku lake lotchedwa Radd al-Muhtar. Iye anafotokoza kuti amalonda akachita hayala chombo cha anthu akunja ankalipiranso ndalama ina, yotchedwa sukara, kwa munthu wokhala kudziko lakwawo, kuti katundu akamira, akapsa kapena akalandidwa awabwezere. Munthuyo anali ndi wakili, womuimira, wokhala m'madoko a Asilamu mwa chilolezo cha Sultan, amene ankatolera ndalamazo ndi kupereka malipiro. Ibn Abidin anagamula kuti pangano lotere likapanganidwa m'dziko la Chisilamu, wamalonda saloledwa kulandira malipirowo, chifukwa wolonjezayo wadzisenzetsa chimene Sharia sinamusenzetse: katunduyo sanamusungitse, sanamuwononge, ndipo sanamunamize mwini wake. Anapereka mpata pokhapokha panganolo litachitikira kunja kudzera mwa mnzake wa malonda wa kumeneko.

Makhoti a ku England nawonso anavutika ndi funso la nthumwi, makamaka pamene ejenti walemba fomu m'malo mwa wogula. Mu 1892 bambo wina wotchedwa Bawden, wosadziwa kuwerenga ndiponso wa diso limodzi, anasaina fomu yonena kuti alibe chilema. Ejenti wa kampani anali ataona diso lakelo. Bawden atachita ngozi n'kutaya diso linalo, khoti linati zimene ejenti ankadziwa kampani inkazidziwanso, choncho ilipire. Koma mu 1929, pa mlandu wa a Newsholme, amene anagula inshulansi ya basi, ejenti analemba mayankho olakwika ngakhale anauzidwa zoona, eni basi n'kusaina osawerenga. Khoti linati polemba fomuyo ejenti ankagwirira ntchito eni basi, ndipo kampani inamasuka. Milandu iwiriyi imatikhudza chifukwa lamulo la mu 1902 lokhudza ulamuliro wa British Central Africa linabweretsa kuno malamulo a ku England monga analili pa 11 August chaka chimenecho, ndipo makhoti athu amamverabe zigamulo za kumeneko pa nkhani zambiri za malonda.

Fuwa la kulakwira mnzako linakula pamene galimoto zinachuluka. Mu 1930 Britain inalamula kuti woyendetsa galimoto aliyense akhale ndi inshulansi yolipira anthu amene angawavulaze. Mu 1932 mayi Donoghue, amene anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo momwe anati munali nkhono yowola m'tauni ya Paisley ku Scotland, anapambana pa mfundo yoti wopanga chakumwacho anali ndi udindo womusamala ngakhale panalibe pangano pakati pawo. Lord Atkin anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala aliyense amene zochita zake zingathe kumupweteka. Apa ndi pamene pachokera milandu yambiri ya chipukutamisozi ya masiku ano, ndiponso chifukwa chimene lamulo la pamsewu kuno ku Malawi limakakamiza inshulansi yoteteza anthu ena. Woyendetsa minibasi wa ku Mangochi alibe ngamila 100, ndipo mbumba ya masiku ano inabalalika mpaka ku Johannesburg. Popanda thumba lina, mwana wamasiye wa munthu wogundidwa satola kanthu.

Maulama a m'zaka za m'ma 1900 anaona kulemera kwa zimenezi. Pa msonkhano wa fiqh ku Damascus mu 1961, Sheikh Mustafa al-Zarqa anati inshulansi ndi pangano latsopano lololedwa, nalifanizira ndi aqila. Sheikh Muhammad Abu Zahra wa ku Egypt anatsutsa inshulansi ya malonda koma anavomereza yothandizana. Otsutsawo ankatchula zinthu zitatu: gharar, kutanthauza kusadziwika kwa chimene ukugula, monga kugulitsa nsomba idakali m'madzi, juga, poti wina amalipira zaka zambiri osalandira kanthu pomwe wina alandira zochuluka atalipira kamodzi, ndi riba, poti makampani amakongoza ndalamazo pa chiwongoladzanja. Bwalo la fiqh la Muslim World League ku Makka linatsata maganizo amenewa mu 1978, al-Zarqa atakana kugwirizana nawo, ndipo bwalo la fiqh la mayiko a Chisilamu ku Jeddah linatsimikiza zomwezo mu 1985, likulimbikitsa inshulansi yosonkherana.

Pa chigamulo chimenechi panamera takaful. Kampani yoyamba inatsegulidwa ku Sudan mu 1979 ndi Faisal Islamic Bank, Malaysia inakhazikitsa lamulo la takaful mu 1984, ndipo ku Kenya kampani ya Takaful Insurance of Africa inayamba ntchito mu 2011. Mu takaful mamembala amapereka ndalama zawo ngati mphatso ku thumba la onse, ndipo kusadziwika kumene kumawononga malonda sikuwononga mphatso. Kampani imangokhala wakili woyendetsa thumbalo pa malipiro odziwika, imaika ndalamazo m'malonda a halal, ndipo zotsala zimakhala za thumba kapena za mamembala. Wakili amene m'masiku a Ibn Abidin ankatolera ndalama za mlendo wakutali tsopano amaimira osonkha eni ake.

Mbiriyi ili ndi zotiphunzitsa m'nyumba zathu. Amene ali ndi galimoto, njinga yamoto ya kabaza kapena minibasi adziwe kuti maulama ambiri amalola inshulansi imene boma lakakamiza pamene palibe takaful, ndipo afunse sheikh wake pa zopitirira pamenepo. Polemba fomu anene zoona zokhazokha, ndipo asasaine asanaiwerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu amene amamukhulupirira, pokumbukira zimene zinawagwera a Newsholme. Afunse ngati ejentiyo akuimira kampani yovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi, ndipo asunge lisiti. Asodzi a doko limodzi, amayi a banki m'khonde ndi jamaa ya mzikiti umodzi amene amasonkherana pa maliro ndi pa ngozi achite bwino kulemba malamulo a thumba lawo ndi kusankha msungichuma pamaso pa mboni, monga Qur'an imalangizira pa ngongole. Mtumiki (SAW) analangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamila yake kenako atsamire kwa Allah. Mwera udzaombanso chaka chamawa, ndipo mlandu wa matumba otayidwa umaphweka ngati eni boti ndi eni katundu anagwirizana asanachoke padoko. Allah ndiye Wodziwa koposa.